Masentimita atatu okha, khosi langa linapuma

Kwa miyezi isanu ndinkaimba mlandu tizipolopolo. Nditasintha mtundu wake katatu popanda kuona kusintha, mlandu ndinausamutsira ku magetsi a mu holo yomwe timawomberamo, kenako ku magalasi anga, mpaka ndinafika povomera kuti basi zaka 46 zayamba kundidya maso. Chonsecho vuto linali pamphuno panga penipeni: choonera cha kumbuyo cha mfuti yanga chinali pamalo oyenera mutu wa munthu wina.

Ndiyambe ndafotokozera abale amene mukuwerenga muli kumudzi, chifukwa nthawi iliyonse ndikatchula za mfuti pa foni, mayi anga amayamba kundifunsa ngati ndalowa usilikali. Masewera amene ndimachita Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo kuno ku England ndi owombera chandamale ndi mfuti ya mpweya, munthu ataimirira pa mtunda wa mamita 10. Mulibe onga m'mfutimo. Mpweya wopanikizidwa mu kasilinda ndi umene umakankha kachipolopolo ka mtovu ka mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la gilamu, kophwatalala kumutu kuti kaziboola pepala bwinobwino ngati makina oboolera mapepala a mu ofesi. Chandamale chonse ndi chachikulu mamilimita 45.5, mbali yake yakuda ndi mamilimita 30.5, ndipo pamene pamapatsa mapointi 10 ndi kadontho ka theka la milimita, kofanana ndi mpumiro wa kumapeto kwa chiganizo chino. Masewerawa analowa mu Olympics mu 1984 ku Los Angeles, ndipo ndi omwewa amene Abhinav Bindra anapezera dziko la India mendulo yagolide ku Beijing mu 2008. Ine za golidezo ayi. Ndimangofuna kuti khadi langa lisamandichititse manyazi likapachikidwa pa bolodi.

Ndili mwana ku Ntcheu ndinali katswiri wa legeni, ndipo njiwa za kudimba kwa agogo zinkandidziwa. Legeni ilibe choonera. Umangokoka mphira mpaka patsaya, dzanja ndi diso n'kumvana zokha. Nditalowa kalabu ino ndinkaganiza kuti luso lija lindithandiza, koma chinandithandiza ndi chimodzi chokha: kudziwa kuti mphira ukaukokera pamalo osiyana a tsaya, mwala umapitanso kosiyana. Phunziro limenelo ndinali nalo kale m'thupi. Kungoti sindinaganize zoligwiritsa ntchito pa mfuti.

Chaka choyamba ndinkabwereka mfuti ya kalabu, Feinwerkbau 300S yakale ya sipuling'i, yotchera ndi chigwiriro cha m'mbali. Chaka chachiwiri ndinagula yangayanga kwa membala wina amene ankasiya masewerawa chifukwa cha msana. Mfuti yabwino, yopangidwa ku Germany, ya silinda ya mpweya, yosamalidwa ngati mwana. Mwini wakeyo anali chimunthu chachitali, khosi ngati la kakowa, mikono kufika uko. Ine ndine wamfupi, wojintcha, khosi langa limayambira m'mapewa n'kuthera pomwepo. Anandipatsa mfutiyo akunena kuti zonse n'zochunidwa kale, ndisakhudze chilichonse. Sananame. Zinalidi zochunidwa bwino, koma zochunidwira iyeyo. Ndipo ine, poopa kuwononga chinthu chimene chinandidyera ndalama za mashifiti ausiku ambirimbiri, sindinakhudzedi bawuti ngakhale imodzi.

Zoonera za mfuti zamtunduwu n'ziwiri. Kutsogolo, kunsonga ya mpope, kuli kachubu kakafupi komwe m'kati mwake muli kamphete. Kumbuyo kuli chimene amachitcha diopter, kabokosi kachitsulo kokhala ndi kabowo kakang'ono kosuzumirapo, kaŵirikaŵiri kotseguka milimita imodzi ndi pang'ono, ndiponso zopotokola ziwiri, china pamwamba china pambali. Mulibe galasi lokuza zinthu, malamulo salola. Ntchito ya diso ndi kundanda mabwalo: kabowo ka kumbuyo, m'kati mwake kachubu ka kutsogolo, m'kati mwake kamphete, ndipo pakatikati chakuda cha chandamale, kuyera kozungulira paliponse kukhale kofanana. Kabokosi ka kumbuyoko kamakhala pa kanjanji ka mamilimita 11 kojobedwa pamwamba pa mfuti, ndipo kamatha kutsetsereka kupita kutsogolo kapena kumbuyo ukamasula timabawuti take. Nkhani yanga yonse ili pa kanjanji kameneka.

Matenda anga anali otere. Mawombedwe khumi ndi asanu oyamba ankayenda bwino ndithu, 9, 10, 9, mwina 8 mmodzi. Kenako mabowo ankayamba kutsikira pansi chakumanzere pang'onopang'ono ngati mbuzi zothawa mbusa. Ine n'kugwira chopotokola, chomwe chimalira kuti kiliki pa kasitepe kalikonse ukamachipotokola, makiliki atatu kukweza, awiri kumanja. Zinkabwerera pakati kwa kanthawi. Ndikangotsitsa mfuti kuti ndipume, kumwa madzi, n'kuyambanso, mabowo onse ankapita m'mwamba kumanja, chifukwa tsopano mutu wabwerera pomwe unali poyamba pamene makiliki aja adakali pomwe ndinawasiya. Pofika kachipolopolo ka nambala 40 khosi linkakhala likuyaka, kupweteka kukutsika mpaka paphewa lamanja, diso likutuluka misozi. Kunyumba mayi a ana anafika pondifunsa kuti, "Kodi abambo, masewera ake ndi otani oti munthu azibwera akufuna kuthowedwa?" Ndinalibe yankho.

Amene anandiwombola ndi madala ena a pakalabu pathu, a zaka zopitirira 70, amene anayamba kuwombera ine ndisanabadwe, m'mipikisano ija ya m'malo omwera mowa a m'chigawo cha Midlands komwe amawombera chandamale chachitsulo chokhala ndi belu pa mayadi 6. Salankhulalankhula. Nkhani imene imawatsegula pakamwa ndi imodzi yokha, yoti masewera owombera sanaikidwe pa Commonwealth Games ya ku Birmingham mu 2022, ndipo ikayambika imeneyo tiyi amazizira. Tsiku limenelo anakhala pampando kumbuyo kwanga osanena kanthu kwa mphindi makumi awiri. Chandamale changa sanachiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana ine.

Nditatsitsa mfuti anati, "Bambo, tachotsani kachipolopolo, muike mfuti pa zoyeserera. Mutseke maso onse awiri, munyamule mfuti monga mwa masiku onse, mutsitse mutu mpaka tsaya litakhala. Musatsegule maso mpaka ndinene."

Ndinachita zimenezo. Chigongono pachiuno, thako la mfuti paphewa, mutu pansi, kupuma kawiri.

"Tsegulani. Koma mutu musausunthe ngakhale pang'ono. Mukuona chiyani?"

Ndinkaona kabokosi kachitsulo kali patali, kabowo kake kakang'onong'ono ngati diso la singano, ndipo kanali m'mwamba pang'ono kuposa pomwe diso langa linkayang'ana. Chandamale sindinkachiona. Ndinawauza choncho.

"Tsopano chitani zimene mumachita nthawi zonse kuti muone."

Apa ndi pomwe ndinadzigwira ndekha. Khosi linatambasuka kupita kutsogolo ngati fulu akusuzumira kunja kwa chigoba, chibwano chinanyamuka, tsaya linasiya kutsamira n'kumangokhudza. Ndinali ndikuchita zimenezi ka 60 usiku uliwonse kwa miyezi isanu osadziwa. Minofu ikakhala ndi mphamvu, kumayambiriro, inkaugwira mutu pamalo amodzi. Ikatopa, mutu unkabwerera m'mbuyo ndi kutsika, diso n'kuchoka pakati pa kabowo, mabowo a pa pepala n'kutsatira. Madala aja anangoti, "Mutu suyendera choonera. Choonera ndi chimene chimabwera kumene kuli mutu." Atatero anapita kukathira tiyi.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti ntchito yosuntha choonera imayamba ndi kuchichotsa. Lachisanu lotsatira anandiuza kuti ndichimasule ndichiike m'thumba, chifukwa diso likangoona kabowo limaukoka mutu, ufune usafune. Tinayamba ndi kutalika kwa mfuti kuchokera paphewa kufika pogwirira. Tinafupikitsa ndi masentimita awiri, mpaka dzanja lamanja linagwira popanda phewa kukankhidwira m'mbuyo ndipo chala chinafika pa tiriga chili chomasuka. Kenako potsamira tsaya: kukweza, kutsitsa, kusunthira kumbali, ine maso ali chitsekere, mpaka fupa la tsaya linapeza pokhala pomwe limabwerera lokha nthawi iliyonse. Zimenezi zokha zinatidyera usiku wonse ndipo sindinawombere kachipolopolo n'kamodzi komwe. Ndinabwerera kunyumba nditanyansidwa, ndikuona ngati ndataya ndalama ya basi pachabe. Koma ndondomekoyi siidumphika. Ukayamba ndi choonera, n'kudzafupikitsa mfuti pambuyo pake, diso limasendera kutsogolo ndipo zonse unachita zija zimafafanizika.

Kuyeza mtunda wa pakati pa diso ndi kabowo sungathe wekha, manja onse ali pa mfuti. Loweruka ndinaitana mwana wanga wamkazi wa zaka 13 kuti andithandize pabalaza, makatani otseka, mfuti yopanda kanthu, chingwe chachitetezo chitadutsa mumpope monse mpaka kutulukira kutsogolo monga timachitira ku kalabu. Ndinabwezera choonera pamalo pake akale, pomwe panali chizindikiro cha mwini wake woyamba. Ndinatseka maso, kukhazika mutu, iye n'kuika rula ya kusukulu pambali pa nkhope yanga n'kujambula ndi foni. Tinabwereza kasanu. Kuchokera pa diso kufika pa kabowo panali masentimita 9, ndiye kuti ndisanafupikitse mfuti panali 11. "Adadi, ndiye mumaona bwanji pamenepa?" anafunsa. Ndinamuuza kuti afunse khosi langa.

Aphunzitsi ambiri amanena kuti mtundawu uzikhala pakati pa masentimita 5 ndi 8 kapena chapompo, ndipo nambalayo si lamulo la m'buku la mpikisano, ndi poyambira chabe. Chofunika ndi chimene diso likuona. Ndinatenga ola lathunthu ndikutsetsereza kabokosiko uku ndi uku kuti ndimvetse. Kakakhala patali kwambiri, kabowo kamaoneka kakang'ono, kachubu ka kutsogolo kamadzaza bowo lonse, kuwala kumachepa, ndipo umayamba kutsinzina ndi kukankhira mutu kutsogolo. Kakayandikira kwambiri, bowo limakula ngati zenera, umaona khoma lonse ndi chandamale cha mnzako wa pambali, m'mphepete mwa bowolo mumachita chimbuuzi, ndipo kachubu kamangoyandama pakati pa kuyera kwakukulu moti sungadziwe ngati kali pakatikati kapena kapatuka. Poyamba kuyandikiraku kumakoma, chifukwa zonse zimawala ndipo umamva ngati wachira maso. Ndi msampha. Diso limatha kuyerekeza bwino mizere yoyera iwiri yopyapyala, koma ikakhala yotakata limangoganizira.

Ine ndinaima pa masentimita 6, kutanthauza kubweza choonera m'mbuyo masentimita atatu. Pamenepo kachubu ka kutsogolo kamatenga pafupifupi theka la bowo, kuyera kozungulira n'kokwanira kuti ndizindikire msanga mutu ukapendekeka. Ndikadakonda kuyandikira pang'ono, koma ndimavala magalasi, ndipo pa masentimita 5 felemu inkagunda mphira wa choonera ndikamatsitsa mutu. Kugunda kumeneko, ngakhale kochepa, kumakankha magalasi pamphuno ndipo chithunzi chimasintha. Palibe chimene chiyenera kukhudza choonera, kaya ndi magalasi, nsidze, kapena chipewa. Amene mukuwomberabe ndi 300S ija samalani kwambiri pamenepa, chifukwa mfuti imeneyo anaipanga kuti chitsulo chonse cha pamwamba, pamodzi ndi choonera, chizitsetsereka kubwerera m'mbuyo pang'ono ikalira, n'cholinga chakuti kugunda kwa sipuling'i kusafike paphewa. Ukayandikitsa diso mopitirira, chimakupsompsona pachikope. Ndinalawako chaka choyamba.

Kumasula ndi kumanga kwake sikovuta, koma pali tinthu tingapo. Ndisanamasule ndinalemba mzere ndi pensulo pa kanjanji, kutsogolo kwa phazi la choonera, kuti zikavuta ndibwerere pomwe ndinachoka. Mfuti zina zili ndi manambala ojobedwa pa kanjanjipo, yanga ilibe. Timabawuti timafuna Allen key yokwana bwino, osati yongoyandikira, chifukwa mitu yake ndi yaing'ono ndipo ikangoperepeseka wagwa nayo. Pomanga ndimasinthanasinthana, kuno pang'ono uko pang'ono, kuti phazi likhale mofanana, ndipo ndimagwira kiyiyo kumbali yake yaifupi kuti ndisaike mphamvu zambiri. Si gudumu la minibasi ili. Ndinaonetsetsanso kuti phazi lonse lagwira kanjanji, chifukwa ukabweza kwambiri mbali ina imalendewera m'malere, komanso kuti chotsegulira poika kachipolopolo chikudutsa osagunda. Amene kanjanji kawathera, pali tizitsulo togulitsa towonjezera kutalika kwake. Ine kanandikwanira, kutsala theka la sentimita.

Mnzanga wina wa pakalabu, wokonda masamu kuposa kuwombera, anandiyamikira kuti ndachita bwino kubweza choonera chifukwa ndatalikitsa mtunda wa pakati pa zoonera ziwirizo, ndiye kuti mfuti izilasa bwino. Ndinakawerengera kunyumba. Pa mfuti yanga mtundawo unali pafupifupi masentimita 80, chandamale chili pa masentimita 1,000, ndiye kulakwitsa kulikonse pa choonera kumakula ka 12.5 pofika pa pepala. Mizere ya pa chandamale imatalikirana mamilimita 2.5. Ndiye kuti kuphonya kundanda ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita kukuchotsa pa 10 kukuponya pa 9. Nambala imeneyo inandiopsa, ndipo inandimvetsa chifukwa chake khosi lotopa linkanditayitsa mapointi ochuluka chonchija. Koma kuchoka pa 80 kufika pa 83 kumangosintha 12.5 uja kukhala 12 ndi kanyenyeswa. Phindu lake n'losaoneka ndi maso. Munthu wosuntha choonera pofuna masentimita amenewo, mutu n'kuusiya pamavuto, wagula chipewa pogulitsa nsapato.

Tsopano manyazi anga. Choonera chikasuntha pa kanjanji, pomwe mfuti imalasa pamasinthanso, chifukwa phazi silikhala ndendende monga linakhalira, ndipo mutu nawo wasamuka. Zimenezi ndinkaziyembekezera. Lachiwiri ndinawombera kasanu, mabowo onse anaunjikana bwino kwambiri kuposa kale lonse, koma m'mwamba, pa mzere wa 8. Vuto linali lakuti pamene choonera chinali m'thumba muja ndinachipukuta, n'kumatula kaselotepi kakuda ndi litsiro komwe mwini wake woyamba anamata pa zopotokola, pomwe anajambulapo timivi ndi bolopeni. Miyezi yonseyi ndinkatsatira timivi timeneto osaganiza. Pansi pake panali zilembo za fakitale: H ndi T pamwamba, L ndi R pambali. Ndinafufuza pa foni n'kupeza kuti m'Chijeremani hoch ndi m'mwamba, tief ndi pansi. Mabowo ali m'mwamba, ndikufuna atsike, ndiye ndinapotokolera ku T makiliki 15. Kuwombera: 6, m'mwamba. Ndinaganiza kuti sindinapotokole mokwanira, n'kuwonjezera ena 15. Kachipolopolo kotsatira kanakagwera kunsonga kwa chakuda.

Safunsa anadya phula. Madala aja anabwera, anavula magalasi awo, n'kundilozera kaliwu kakang'ono kolembedwa pakati pa zilembozo, kamene ine ndinkakayesa dzina la kampani: bei. Anandifotokozera kuti pa zoonera zambiri za ku Germany chilembo sichikuuza kumene kachipolopolo kapite, chikufunsa kumene kali. Bei H ndiye kuti, mabowo akakhala m'mwamba potokolera kuno. Bei L, akakhala kumanzere potokolera kuno. Zoonera za ku Britain ndi ku America nthawi zambiri zimalemba mosemphana ndi zimenezi, muvi umaloza kumene ukufuna kuti mabowo apite. M'kati mwa kabokosi zochitika n'zofanana konsekonse: kabowo ka kumbuyo kakakwera mabowo amakwera, kakapita kumanja nawonso amapita kumanja. Kusiyana kuli pa kalembedwe basi. Ndinabweza makiliki 30 aja, n'kuyamba ulendo wolowera ku H, anyamata a pambali panga akudziletsa kuseka. Usiku womwewo ndinamata kaselotepi katsopano, timivi take n'kulemba mawu a Chichewa, kukwera, kutsika, kuti aliyense wodzagula mfutiyi pambuyo panga adzavutikenso mwa njira yake.

Popeza ndinali nditasokoneza kale zonse, ndinaganiza zoyezeratu kukula kwa kiliki imodzi, chinthu chimene ndinkangochiganizira. Ndinatsamiritsa mfuti pa kathumba ka mchenga patebulo, kuwombera kasanu, kupotokola makiliki 20, kuwomberanso kasanu, n'kuyeza ndi rula kuchokera pakati pa gulu loyamba kufika pakati pa lachiwiri. Panali mamilimita asanu, mizere iwiri. Ndiye pa choonera changa makiliki 10 ndi mzere umodzi, ndipo makiliki awiri kapena atatu amene ndinkapotokola mokwiya aja ankasuntha mabowo ndi mtunda wosakwana milimita. Nthawi zambiri ndinkangodzitonthoza mtima. Zoonera zimasiyana pamenepa, china kiliki yake ndi yaikulu kawiri kuposa apa, choncho nambala yanga musaitenge ngati yanu. Ndinapezanso kuti ndikasintha mbali yopotokolera, kiliki yoyamba sichita kanthu, ulusi wa bawuti umayamba wadya mpata. Pa choonera chakale zimachitika. Tsopano ndikamabwerera ndimapitirira ndi makiliki awiri kenako n'kubwerera nawo, kuti nthawi zonse ndizimalizira mbali imodzi.

Ndipo kuchuna kwenikweni kumachitika utaimirira, osati patebulo. Mfuti yogona pa mchenga ndi mfuti yokhala paphewa sizilasa pamodzi, makamaka kwa ife amene timaipendeketsa pang'ono kuti ibwere kunkhope m'malo mogoneka mutu. Ukaipendeketsa, makiliki okweza amakwezanso chopingasa pang'ono, ndipo malamulo a mfuti ya mpweya salola kuikapo kagalasi kamadzi koyezera kuwongoka, ndiye kupendekekako uyenera kukuloweza ndi diso. Lamulo limene ndadziikira n'lakuti sindikhudza chopotokola chifukwa cha bowo limodzi. Ndisanayang'ane pepala ndimayamba ndanena mumtima kumene ndikuganiza kuti kapita. Ndikati kumanzere n'kupezekadi kumanzere, wolakwa ndine, choonera chilibe mlandu. Ndikati pakati katatu kotsatizana koma onse atatu n'kupezeka kumanzere, apo ndiye ndimapotokola, ndipo ndimapotokola mokwanira, osati monyinyirika.

Kabowo kenikeniko ndinakasintha pomalizira. Choonera changa chili ndi kabowo kotha kukula ndi kuchepa ukapotokola mphete yake, ndipo chifukwa chinali patali ndinali nditakatsegula mpaka mamilimita 1.5 kuti ndipeze kuwala. Chitayandikira ndinakatseka mpaka chithunzi chinayamba kuda, kenako n'kutsegula pang'onopang'ono mpaka kamphete ka kutsogolo kanaoneka kakuthwa. Ndinaima pa 1.1. Misozi ija inasiya sabata yomweyo. Apa pali chinthu chimene ndinachimvetsa mochedwa: mtunda wa diso ndi kukula kwa kabowo zimasinthanitsana pa maonekedwe, moti munthu akhoza kubisa choonera choikidwa polakwika pongotsegula kabowo, monga ndinkachitira ine. Chithunzi chimaoneka ngati chabwino koma khosi likulipira.

Pali nkhani ina imene sitinagwirizane ndi madala aja mpaka lero. Iwo akuti ndigule tizitsulo tokweza zoonera zonse ziwiri, cha kumbuyo ndi cha kutsogolo, kuti mutu uziima chilili. Akatswiri ambiri amene mumawaona pa kanema amatero, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mutu ukaweramira kwambiri umayang'anira pansi pa nsidze, diso limatopa msanga, ndipo thupi limagwedezeka kwambiri popeza zimene zimatithandiza kuima mowongoka zili m'kati mwa khutu. Koma zimenezo zimathandiza kwambiri anthu a makosi aatali, amene mtunda wochokera paphewa kufika padiso ndi waukulu. Ine ndi khosi langali mutu umafika pa mfuti usanawerame n'komwe. Ndinabwereka tizitsulo ta mnzanga ta mamilimita 10 n'kuyesa masabata awiri. Tsaya linkayandama, ndinakweza potsamira mpaka kumapeto, ndipo kupendekeka pang'ono kulikonse kunkaoneka kwambiri pa pepala. Ndinabweza. Iwo akuti sindinapirire mokwanira. Mwina. Ndalama yake ndinagulira zitini zinayi za tizipolopolo.

Pamalo atsopano a choonera pali mizere iwiri ya pensulo tsopano, yotalikirana mamilimita anayi. Wachiwiri unabwera mu November, holo itayamba kuzizira, nditavala juzi yokhuthala m'kati mwa jekete yowomberera. Juziyo inakankhira mfuti kutsogolo, ndipo usiku wina ndinamva kakupweteka kodziwika kaja kakuyamba kuseri kwa khutu. Ndinatseka maso, kukhazika mutu, kutsegula: kabowo kanali katatalikira pang'ono. Anzathu owombera mitundu itatu, chogwada, chogona ndi choimirira, amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa munthu akagona mutu umasendera kutsogolo kwambiri ndipo choonera amachisuntha nthawi iliyonse akasintha kakhalidwe, aliyense ali ndi zizindikiro zake pa kanjanji. Ine ndimangoimirira, koma ndili ndi choonera cha chilimwe ndi cha chisanu.

Mapointi sanalumphe ngati m'nthano. Ndinkapeza cha m'ma 510 pa 600, pano ndimazungulira 530, ndipo tsiku labwino kwambiri ndinafika 541. Kusintha kwakukulu kuli pa makhadi omalizira: kale khumi omaliza ankakhala oipitsitsa, pano amafanana ndi oyamba, nthawi zina kuwaposa. Mabowo akamwazika masiku ano amamwazikira kumanja ndi kumanzere, ndipo madala aja ayamba kukhalanso pampando kumbuyo kwanga osanena kanthu. Lachisanu lapitali ndinawaona akuyang'anitsitsa phazi langa lamanzere, kenako anatulutsa choko m'thumba.